Tawasambitsa Amayi Maria Popanda Inu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ife kuno kwa Nthache tilipo. Mvula inayamba bwino ndipo chimanga chamera, kupatula kumtunda kuja kumene munkati nthaka yake ndi yamwano. Nandolo tinakolola wambiri, koma manachesi a kuseri kwa nyumba anabereka mwaulesi, mwina akudziwa kuti wowakalipira uja kulibe. Achimwene anu a Dominiko mwendo ukuwavutabe. Kuchipatala ku Thambani amakana, ati kabaza amawagwedeza mafupa, koma kumowa amafika wapansi.

Nkhani imene ndikuizungulirayi ndi ya mdzukulu wanu Faida. Pamene tinkakuikani m'manda mu Meyi, mwanayu anali kale ndi pathupi, ife osadziwa. Inu mwina munadziwa, paja maso anu sankaphonya kanthu. Mnyamata wake, wa pa magalimoto opita ku Mozambique, anawoloka malire ndipo mpaka lero kuli zii. Mu Seputembala kunabadwa mwana wamkazi, chipumi chake chanu chenicheni.

Ndikuululireni, Amayi, ndinamuchitira nkhanza Faida. Sindinamumenye, sindinamuthamangitse, koma chakudya ndinkamupatsira osamuyang'ana kumaso. Iyenso anasiya kupita kutchalitchi. Lamlungu ankakhala pakhonde ndi khanda lake, n'kumamvera patali kwaya imene ankaimbamo. Ndinkaona ndithu kuti mwana wanga ndikumutaya ali m'nyumba mwanga momwemo.

Kenaka inafika Disembala, ndi chaka chanu chija cha pa 8, chokumbukira kuti Amayi Maria analibe tchimo lobadwa nalo. Amayi a patchalitchi anati ntchito yosambitsa chiboliboli cha Amayi Maria dzulo lake la chakacho, imene munaigwira zaka zonse zija, igwere ine. Ndinasonkhanitsa zida zanu: beseni, tinsalu tiwiri, nthenga ya nkhuku yochotsera fumbi m'makwinya, ndi nsalu yoyera yoyala kumapazi ija imene munailuka m'mphepete. Nditaitulutsa m'sutikesi inkanunkhirabe inu, ndipo ndinayamba ndakhala kaye pansi.

Pamenepo ndinakumbukira ndili mtsikana, tsiku limene ndinayankha akatekisiti molimba mtima kuti chakachi n'chokumbukira kuti Amayi Maria anatenga pathupi pa Yesu. Pobwerera, panjira yoterera ya kudambo ija, munandikoka khutu. "Iwe Rozina, kutenga pathupi pa 8 n'kubereka pa 25? Ngakhale mbuzi siitero." Munati chakachi ndi cha iwo eni, kuyambira pamene anayamba kukhala m'mimba mwa amayi awo. "Tonsefe timagwa m'matope, Mulungu n'kutitola, n'kutisambitsa. Iwowa anawagwira dzanja asanaterereke. Wopulumutsa ndi mmodzi yemweyo." Munawonjezera kuti kuyerako sanachite kukugwirira ganyu, anangopatsidwa, n'chifukwa chake sanyada nako. Tsiku limenelo ndinamva khutu lokha kuwawa. Mawuwo ndawamva chaka chino.

Ndinamuuza Faida kuti phewa likundiwawa, sindingathe kufikira pamwamba pamene pamakhala chibolibolicho, choncho akandithandize. Linkawawadi, koma osati kwambiri choncho. Anakana kawiri. Kachitatu anabereka mwana kumbuyo n'kunyamula beseni, tinayenda njira yonse osalankhulana.

M'tchalitchi tinapezamo amayi akusesa, pamodzi ndi apampando awo a Nachisale, mnzanu wokangana naye uja. Atamuona Faida anaimika tsache.

"Amake Faida, tisanamizane," anatero. "Mayi wosadziwa tchimo akhudzidwe ndi mwana amene sakulandira Ukaristia n'komwe? Amayi anu akanalola zimenezi?"

Faida anatula beseni pansi mwakachetechete n'kutembenukira kukhomo. Ndinadziwa kuti akatuluka pamenepo sadzalowanso. Mukundidziwa, ine mawu oyankha amandibwerera mawa lake ndili kumunda. Tsiku limeneli anandibwerera pomwepo, ndipo anali anu.

"Amayi ankati chibolibolichi sitichisambitsa chifukwa ife ndife oyera, timachisambitsa chifukwa mileme ya kudengaku sinaphunzire katekisimu," ndinatero. "Ankatinso mwana akagwa amadzutsidwa ndi mayi amene waima. Nanga ngati Amayi Maria anyansidwa ndi Faida, kuyera kwawoko kuthandiza ndani?"

Funsoli ndinawafunsa a Nachisale, koma linandibaya ndine. Iwo anamukana mwanayu tsiku limodzi, ine ndinali nditamukana miyezi itatu, pamene sindinabadwe woyera ngati Amayi Maria.

A Nachisale anatsamiritsa tsache lawo kukhoma. Kenaka anakoka benchi. "Benchili ndi logwedera," anatero. "Kwera, ndikugwirira."

Faida anandipatsira mwana n'kukwera. Amayi, mukanaona! Anayambira kuseri kwa khosi kumene anthu saonako, anatsika m'makwinya ndi nthenga, anapukuta zala za kumapazi chimodzichimodzi. Njoka yopondedwa ndi Amayi Maria pachibolibolipo anaisiya komaliza, n'kuipukuta ndi kansalu kena, monga munkachitira inu muja, munkati nayonso isambe koma isabwerekane nsalu ndi woipondayo. Ine sindinamuphunzitse zimenezi. Munamuphunzitsa ndinu, ine ndili kwina. Misozi inkangotsika m'masaya mwake.

Ndiye mdzukulutuvi wanu anaonetsa khalidwe. Nsalu yanu yoyera ija ndinali nditaikoloweka paphewa, iye n'kubwezerapo mkaka wonse umene anayamwa m'mawawo. A Nachisale anayang'ana nsalu, anayang'ana khanda, kenaka anaseka mpaka benchi linagwedera ndithu. "Bweretsani kuno, nsalu imachapika," anatero. Anakaichapa okha pamjigo, anaisita ndi nsimbi yawo ya makala, ndipo m'mawa wa chaka inali pamalo pake.

Pa Misa Faida anakhala benchi la kumbuyo. Sanalandire, koma anaimba, ndipo mawu ake ndinawamva ndili kutsogolo. Anthu atatuluka anakaonana yekha ndi abambo mfumu. Zimene anakambirana sindinafunse. Ndikungodziwa kuti Lamlungu lapitali ndi iye amene anandifulumizitsa kuti tichedwa, ndipo mwana adzabatizidwa pa Pasaka.

Mwanayutu miyezi yonseyi analibe dzina lenileni, tinkangoti "khanda". Pobwerera ku chaka, panjira yomwe ija ya kudambo, Faida anaima. "Amayi, ndimafuna ndimutche dzina la agogo. Koma mwana wobadwa chonchi akhale Imakulata, wopanda banga, anthu saseka?" Ndinamuyang'ana kumaso, koyamba pa miyezi yonseyi, ndipo ndinaona kuti wawonda. Ndinamuuza kuti oseka aseke, dzinalo inunso simunachite kuligwirira ganyu. Pamalo poterera paja anandigwira dzanja, ati poti phewa likundiwawa. Sindinamuuze kuti linapola kale.

Ndakusowani kwambiri, Amayi, makamaka pamene ndikufuna wondikoka khutu. Tikatha kupalira tibwera kudzalambula pamanda panu, atatu tonse, mudzamuone mnzanu wa dzina. Ndipo ndikukulonjezani kuti mwana uyu sindidzamupatsiranso mbale nditayang'ana kumbali. Chaka cha mawa beseni lanu ndi la Faida, ine ndidzagwirira benchi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina