Maekala Angati a Munthu Mmodzi?

Laytonville, California
20 Okotobala 2019

Okondedwa achimwene Vern,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga Ingrid, ndiponso kuti nyanja ya ku Kodiak yakubwezerani kumtunda muli amphumphu. Nsomba zowamba zija ndinalandira, zikomo kwambiri. Ndikudya pang'onopang'ono, chifukwa phukusi munamanga ngati tikadali anthu awiri m'nyumba muno.

Ine ndilipo. Kuno ndi nyengo yokolola, ndiye mukudziwa mmene chigwa chonse chimanunkhira. Ngakhale ku positi ofesi anthu akulowa ndi fungo la chamba m'malaya, zala zili zomata ndi utomoni. Mitengo yanga ya chamba ndadula ndekha, ikuuma m'kanyumba kakuseri. Aka ndi koyamba kukolola popanda alamu anu a Rudy. Sizasi yawo ikadali pamsomali pomwe anaisiya, ine ndinakagula ina.

Nkhani yomwe ndalembera ndi iyi. Mwini malo ano, amene takhala tikuchita lendi chikwatirane, wawagulitsa kwa anthu olima mphesa, ndipo andiuza kuti dzinja likamatha ndikhale nditachoka. Sindinakuuzeni pafoni chifukwa mukanayamba kukalipa, ndipo inu mukakalipa mumatsokomola. Tindalama timene a Rudy anandisiyira tikukwanira kugula malo kamodzi kokha. Ndikalakwitsa, ndalakwitsiratu. Choncho miyezi yapitayi ndakhala ndikugona ndi funso limodzi, kudzuka nalo: ndigule maekala angati?

Mwina museka, chifukwa mitengo isanu ndi umodzi imene lamulo limalola munthu kubzala pakhomo pake ikhoza kukwana pamalo ngati pabalaza. Koma malo a chamba sugulira mitengo, umagulira kutalikirana ndi anthu. Pali fungo limene ena amadana nalo, pali akuba amene amayendayenda nthawi ngati ino, ndiye kwa ine palinso mungu.

Mukukumbuka botolo la jamu lija limakhala m'firiji, limene munafuna kulitsegula m'mawa wina muli ndi buledi m'manja? Mmenemo muli mbewu imene a Rudy anayamba kusankha mwana wathu Shawna asanabadwe. Chaka ndi chaka ankasunga mtengo umodzi wachimuna kuti upereke mungu, mbewu isathe. Mafuta amene ndimapanga kuchokera ku mbewu imeneyi ndi okhawo amene amagonetsa nyamakazi ya m'manja mwangamu. Ndayesapo ena, amangondiledzeretsa, ululu uli pomwepo. Koma mungu umayenda ndi mphepo kutali, ndipo ukagwera m'munda wa mnzako, chamba chake chonse chimadzaza njere, thukuta la chaka chathunthu n'kupita pachabe. Malo a lendi ano anali aakulu, sitinkavuta munthu. A Rudy ankati wachimuna ali ngati tonde, sumumanga pafupi ndi khola la eni.

Choncho nditapita kwa Colby, mnyamata wogulitsa malo m'tauni muno, ndinamuuza kuti ndikufuna aakulu, kopanda anthu.

"Agogo, aakulu bwanji?" anandifunsa.

"Agogo ndi ambuyako. Ndikufuna poti ndikakuwa asandimve munthu."

Anaseka mpaka kugwira pamimba, kenaka anati ali nawo enieni. Ananditengera kuphiri, kumapeto kwa msewu wafumbi wokhotakhota, maekala makumi anayi. Achimwene, malo okongola ngati amenewo sindinawaonepo. Pali kasupe wosaphwa ngakhale chilimwe, pali dambo loyang'ana kummwera lomwe dzuwa limafikapo tsiku lonse, ndi kanyumba kamatabwa kodontha pang'ono. Nkhungu imathera m'munsi, iwe uli pamwamba pake. Ndinaona pobzala zazikazi, ndinaona pobisa wachimuna, ndipo chapatsidya pa kasupe ndinaonanso malo ena athyathyathya. M'mutu mwanga ndinamangapo nyumba yachiwiri, ya Shawna ndi adzukulu anga, mpaka ndinasankha mtengo womangapo katungwe.

Shawna atabwera kuchokera ku Sacramento ndinapita naye kukamuonetsa. Njira yonse anali atagwira chitseko cha galimoto. Titafika anaima pakati pa dambo, manja m'thumba, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Amayi, zonsezi mukugulira ndani?"

"Ife. Apa ine, apo iwe ndi ana."

Anandiyang'ana monga mmene anamwino ankayang'anira abambo ake masiku omaliza aja. "Amayi, ife sitibwera kuno. Ntchito yanga ili kutauni, ana sukulu yawo ili kutauni. Moto wolusa ukabuka, msewu ndi umodzi womwewu. Bwerani inuyo kwathu, chipinda chilipo."

"Ndiye mitengo ya abambo ako ndikabzale pakhonde la nyumba yosanja?"

"Mafutawo masiku ano amagulitsa m'sitolo, amayi. Ali ndi pepala lake, olembedwa bwinobwino."

Sanalakwe mwanayo, ndipo ananena mwachikondi. Koma ndinamuyankha kuti abambo ake sagulitsidwa m'sitolo, ndipo pobwerera sitinalankhulane. Pokwera galimoto yake anandikumbatira, ine manja ali lende. Chichokereni amandiimbira Lamlungu lililonse, timakamba za nyengo.

Mawu ake anandiumitsa mutu m'malo mondifewetsa. Ndinauza Colby kuti akonze mapepala a maekala makumi anayi aja. Koma ndisanasaine ndinafuna kuyenda malire onse ndi mapazi anga, monga mmene abambo athu ankanenera kuti munda suugula ndi maso. Ndinapita ndekha m'mawa wina, osauza munthu, nditatenga madzi ndi apozi m'thumba.

Izi ndikuuzani inu nokha. Kumalire akumpoto kuli kachigwembe kouma, kodzaza masamba. Ndinaponda mwala umene unali utangotsamira, ndipo ndinangomva kuti thyo! m'kakolo, n'kupezeka ndili pansi. Nditayesa kuimirira, dziko linazungulira. Ndinatulutsa foni, netiweki panalibe. Ndiye ndinakuwa. Ndinaitana Colby, ngakhale ndinkadziwa kuti ali muofesi mwake kutauni. Ndinaitana Shawna. Ndinaitana inu, achimwene, muli kutsidya kwa nyanja. Pomaliza ndinaitana a Rudy, ndipo ndinawakalipira kwambiri chifukwa chosayankha. Khwangwala mmodzi anatera pamtengo, kundiyang'ana ndi diso limodzi, kenaka n'kuuluka.

Pamenepo ndinaleka kukuwa, ndipo ndinamva bata lija ndinkalifunali. Panalibe galu wouwa, panalibe galimoto, panalibe ngakhale wodula nkhuni kutali. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti woyamba kudabwa angakhale ndani. Shawna akanaimba Lamlungu, n'kuganiza kuti ndikadali wokwiya. Inu munali panyanja. Ndinaona kuti woyamba kundifunafuna akanakhala Colby, chifukwa cha mapepala ake osasainidwa. Ndinaseka ndekha m'chigwembemo, kenaka kusekako kunasanduka china.

Ndinakwawa ndi matako, chobwerera m'mbuyo, mwendo ndikuukoka ngati chipika. Apozi uja ndinadyera m'njira. Ndinafika pagalimoto dzuwa litapendeka, manja atang'ambika, ndipo ndinatsika phiri lonse ndikuponda mabuleki ndi mwendo wamanzere. Kuchipatala anati fupa lang'aluka pang'ono chabe. Si zazikulu, musade nkhawa. Shawna ndinamuuza kuti ndinaterereka pamasitepe a khonde.

Nditayamba kuyenda ndi ndodo, Colby anabwera kunyumba ndi mapepala. Atandiona sanawatulutse n'komwe m'chikwama. Anati, "Mayi Hoekstra, pali ena amene sindinakuonetseni, chifukwa munati simukufuna anthu. Tiyeni mukangowaona, kuona n'kwaulere."

Ndi maekala atatu okha, m'mbali mwa msewu wa tala, pafupi ndi tauni. Pali kanyumba ka zipinda ziwiri, chitsime, ndi mitengo yakale ya maapozi. Dzuwa limafika bwino ndithu, koma ukaima pakhonde umaona denga la anthu kumanzere, ndi zovala zawo pachingwe. Tisanazungulire n'komwe, kuseri kwa mpanda kunatulukira mayi wina wamfupi, wa imvi, atavala chipewa cha mwamuna, sizasi m'manja. Colby ananong'ona kuti amenewo ndi a Delphine Arruda, ndipo mwadzidzidzi anakumbukira kuti ali ndi foni yoti aimbe kugalimoto.

"Inu si aja a kwa Rudy?" anandifunsa mayiyo. "Ndinamva za maliro. Pepani. Anali munthu wabwino, koma wamakani ngati bulu."

Ndinavomera zonse ziwiri.

"Ndiye mukubwera ndi tonde wake uja? Chifukwa ndikuuziranitu, mayi. Mitengo yanga ili apa, kuseri kwa matabwa awa. Tsiku limene ndidzaone wachimuna mbali yanuyo, ndidzalumpha mpanda ndi chikwanje, kaya muli ndi ndodo kaya mulibe."

"Mungalumphe inu, msinkhu umenewo?"

"Ndidzabwereka makwerero kwa inu nomwe."

Achimwene, chimwalirire a Rudy ndinali ndisanakanganepo ndi munthu mokoma chotere. Aliyense amandilankhula mofewa ngati ndine dzira. Ndinamva magazi akuyenda. Kenaka analoza mwendo wanga ndi sizasi ija.

"Apo mwatani?"

"Ndinagwa kuphiri."

"Anakutolani ndani?"

"Palibe."

Anapukuta sizasi pamalaya. Ndiye anati, "Kuno mukagwa ndimva. Ine ndimamva zonse. Amuna anga amati ndimamva ndi zomwe munthu sananene." Atatero anabwerera kumitengo yake, osatsazika.

Masiku otsatira ndinavutika kuposa mmene ndinavutikira m'chigwembe muja. Ndikagula atatuwo, wachimuna sindidzasunganso, ndiye kuti mbewu ya a Rudy ithera m'botolo. Ndikagula makumi anayi, mbewuyo ikhala, koma woilima tsiku lina adzampeza akhwangwala. Ndinatulutsa botolo m'firiji n'kukhuthulira njere patebulo. Zilipo zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Zina zidzamera zazimuna ndipo ndidzazizula zikadali zanthete, zina zidzakalamba n'kukana kumera, komabe ndikabzala mosamala zikhoza kundifikitsa zaka khumi kapena kuposerapo. Ndinaziyang'ana, ndinayang'ananso manja angawa, ndipo ndinazindikira kuti mwina botolo ndi limene lidzandiperekeze ine, osati ine kuliperekeza. Ndinkafuna kusungira mbewu anthu amene kulibe. Shawna saifuna, adzukulu sadziwa n'komwe kuti ilipo.

Ndinalankhula nawo a Rudy pamenepo, mokweza, ngati wamisala. Ndinawauza kuti ndayesetsa, koma sindingathe kukhala mlonda wa phiri lonse ndili ndekha. Sindikudziwa ngati akanavomera. Mukuwadziwa alamu anu, mwina akanangotuluka panja kukasuta.

Lachinayi lapitali ndasaina. Maekala atatu. Colby anandigwira chanza n'kunena kuti ndasankha bwino, koma iye amanena choncho kwa aliyense. Potuluka ndinakhala m'galimoto nthawi yaitali, makiyi ali m'manja, ndikusowa woti ndimuimbire. Sindinasangalale, achimwene, ndisakunamizeni. Zinali ngati ndawaikanso m'manda kachiwiri, ulendo uno popanda nyimbo kapena anthu. Dzulo ndinapitako kukayeza mazenera. A Delphine sanatuluke, koma ndinamva wailesi yawo ikulira, ndi amuna awo akufunsa kumene kuli magalasi awo, iwo n'kuwayankha kuti ali pamphuno. Ndinakhala pamasitepe n'kumamvetsera mpaka mwendo unazizira.

Tsopano pempho langa. Malowa akufunika mpanda wautali wotchinga agwape ndisanabzale, ndipo manja angawa sangakumbe maenje a nsanamira. Ndikhoza kulemba ganyu, alipo anyamata ambiri. Koma ndimati mwina nyengo yophukira ikafika, usodzi usanayambe, mungabwere inu ndi alamu, ngakhale kwa sabata imodzi. Chipinda chachiwiri chili ndi zenera loyang'ana kumaapozi. Sindikukakamizani, ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo maondo anu nawo akudandaula. Kungoti nyumba yatsopano imafuna kuti mugonemo munthu amene amakudziwa kuyambira uli mwana, apo ayi imakhala ya eni.

Za kuphiri zija Shawna musamuuze. Ndidzamuuza ndekha tsiku limene tidzaleke kukamba za nyengo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Ingrid, muwauze kuti sikafu imene anandilukira ndayamba kale kuvala, m'mawa kukuzizira. Moni kwa ana onse ndi zidzukulu, ndi kwa galu wanu wokalamba uja ngati akadali moyo. Inuyo muzivala zofunda mukamapita kudoko, ndipo fodya muchepetse, chifukwa mwa ana a amayi athu tatsala awiri, ndipo ine sindikufuna kutsala ndekha pamenepanso.

Mukamaimba foni muziimba madzulo, ndi nthawi imene nyumba imakula. Ikaitana osayankhidwa musafulumire kudula. Ndimakhala ndilipo, kungoti masiku ano ndimachedwa kufika.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Marlys