Kabotolo ka achimwene

Lachinayi, mu Febuluwale. Mvula tsiku lonse, koma mtima uli m'malo.

Bala la pamkono layamba kuuma m'mbali. Lero ndathyola tiyi mpaka dengu kudzaza, osamva kuwawa. A dokotala ananena zoona: sichinali chipere, koma chuku cha m'dothi chimene chinalowera pomwe chitsa cha tiyi chinandikanda. Akuti n'chosowa, chimapezerera ife a chitetezo chotsika. Mapiritsi ake ndikumwa nditadya, ma ARV osadumphitsa. Ndi ulendo wa miyezi, ndavomera.

Madzulo ano achimwene, amene amapopera mankhwala m'minda ya esiteti, abwera ndi kabotolo ka mankhwala obiriwira. Akuti, "Achemwali, awa amapha chuku pa tiyi msangamsanga. Pakani, musavutike ndi zakuchipatala."

Ndawafunsa, "Nanga popopera mumavaliranji magolovesi ndi chophimba kumphuno?"

Angokanda mutu. Amandikonda, ndikudziwa, ndiye sindinakalipe. Kabotoloko ndawabwezera m'thumba ndekha.

Chikundidetsako nkhawa ndi magazi amene akanditenge Lolemba oyeza chiwindi, poti akuti mapiritsiwa amatha kuchivulaza. Komabe maso ndi oyera, alibe chikasu, chakudya chikulowa. Ine si tiyi. Tiyi akapsa amamudulira, n'kuphukanso. Koma mkono wangawu...