Mavela Awiri Amene Ndinakusungitsani

Amayi,

Kwacha bwanji kumeneko kumene muliko? Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndimadziuza kuti chinatsala konkuno pamodzi ndi mphasa yanu, ndipo kumeneko mukupuma bwino osatsokomola. Kuno tadzuka, ngakhale kudzuka kwa masiku ano n'koyamba wamvetsera kaye ngati kukulira mfuti usanatsegule chitseko. Ndine Rozariya wanu. Ndakhala pansi pa mpichesi wanu uja, ndipo ndikulemba pa mapepala otsala m'kaderinu, kope la mwana wanga Lusiya, poti shikola yawo sinatsegulidwebe.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana naye munthu woyamba madandaulo asanapereke moni. Mbatata ya kachewere yachita bwino kudimba chaka chino, kungoti woigula palibe, chifukwa mumsewu wa ku Ulongwe simukuyendanso galimoto. Tikudya tokha mpaka ana ayamba kuidandaula. Nyemba zinapserera pang'ono koma mbewu tasunga. Mbuzi zanu anazitenga anthu amfuti, ndipo sindinawafunse kuti ndi a mbali iti. Inatsala yamawanga ija, imene munkaitcha mbala, chifukwa tsikulo inali itadula chingwe kukadya chimanga cha eni. Kuba kwake kunaipulumutsa, ndipo mwezi watha yaswa ana awiri. Lusiya watalika, mpango akumanga ngati inu, mfundo yake kumbali.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanu Tomasi, ndiponso ndikufuna kukupepesani, chifukwa ndinakusungitsani katundu osakupemphani.

Mkazi wake Filomena anapita kwawo ku Lifidzi kukachirira kwa amayi ake, poti inali mimba yoyamba. Atangopita, msewu unatsekeka. Anakwiriramo mabomba, ndipo ngolo ya ng'ombe imene inayesa kudutsa sinabwerere. Uthenga unatipeza mochedwa kuti kwabadwa mwana wamkazi. Kuyambira tsiku limenelo Tomasi anasiya kukhala pansi. Ankangozungulira pabwalo, maso ali kumapiri.

Mukukakumbuka kandege ka mzungu wa kuminda ya boma kaja? Kaja ka mapaipi ndi nsalu, kokhala ndi timipando tiwiri pamtetete, kamene ana ankakatcha tombolombo. Kakamadutsa pamwamba pa munda wathu inu munkaweramuka, dzanja pachipumi, n'kunena kuti, "Imeneyo si ndege, ndi njinga yopenga." Nkhondo itayandikira, mzungu uja anachoka n'kukasiya m'shedi, ndipo makiyi a shediyo anatsala ndi Tomasi, poti ndiye ankakapukuta ndi kukamanga mabawuti. Anakakwerapo kawiri, atakhala kumbuyo kwa mwini wake. Kawiri kokha, amayi. Koma mukumudziwa mwana wanu, chinthu akachigwira kawiri amati ndi mphunzitsi wake.

Tsiku lina ndinamupeza akusefa mafuta akale a gazolina pa nsalu. Ndinamufunsa kuti, "Tomasi, karta yoyendetsera chimenechi uli nayo?" Anapisa m'thumba n'kunditulutsira karta yake ya thirakitala, yopindikapindika ija. Akuti, "Achemwali, injini ndi injini. Pamwambapa palibe mabomba, palibe wofunsa mapepala. Ndinyamuka m'mawa, nthawi ya nkhomaliro ndili nditanyamula mwana wanga." Ndinamuuza kuti thirakitala ikazima umatsika n'kuyenda wapansi, nanga ichi chikazima utsikira kuti? Anangoseka, n'kunena kuti ndayamba kuyankhula ngati inu.

Ananyamuka m'mwezi wozizira, m'mawa dzuwa litangotuluka, pa bwalo la mpira la kumishoni. Bwalolo simungalizindikire, theka lake anthu anaunga mizere ya mbatata chifukwa akuopa kulima kutali. Anthu anasonkhana ngati kuli ukwati. Kandege kanathamanga, kananjanja, kenaka n'kunyamukadi. Anthu anaimba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ine ndinangogwira pamtima. Sindikubisirani, kanthawi kochepa ndinanyadira, kuona mwana amene ndinkamubereka kumbuyo ali pamwamba pa mitengo ya bulugamu.

Kunyadako sikunakhalitse. Mphepo yochokera kuphiri inayamba kukakankha cham'mbali, phiko limodzi m'mwamba lina pansi. Atafika cha kumlatho tinamva mfuti. Asilikali olondera kumeneko sanauzidwe kanthu, ndipo masiku ano chilichonse chouluka amachiyesa cha adani. Tomasi anatembenuka n'kubwerera. Anafika pamwamba pathu, anazungulira, anatsika pang'ono, n'kukweranso. Anazunguliranso kachiwiri, kachitatu. Anthu ankati akutionetsa luso. Ine ndekha ndinadziwa chimene chikuchitika, chifukwa ndinali nditachionapo kale.

Munali pomwepo inunso tsiku lija, iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pamene anakwera mpichesi uno mpaka kunsonga kufuna pichesi lofiira, kenaka n'kuyamba kulira atakakamira nthambi. Simunakuwe. Munaika mtsuko pansi, munaima patsinde, n'kumufunsa kuti, "Tomasi, wakwera, nanga utsikira pati?" Kenaka munayamba kumuuza poponda, phazi ili apa, dzanja ilo apo, mpaka anafika m'manja mwanu. Khofi lapatsaya munamupatsa atafika kale pansi. Tsiku la kandegeli ine ndinaima pabwalo paja manja ali m'mwamba ngati inu, koma ndinalibe choti ndimuuze. Ndinakusowani kwambiri, amayi, kuposa tsiku la maliro anu.

Ulendo wachinayi anatsika ndithu. Anadutsa pamwamba pa amayi amene ankachokera kuchitsime, pafupi kwambiri moti mmodzi anadzigwetsa pansi ndowa n'kutayika, mwana ali kumbuyo. Bwalo analiphonya, anakatera m'mbatata, mopingasa mizere. Mawilo anakodwa pa mzere woyamba, kandege n'kugudubuzika chadodolido. Tinamusolola ali magazi okhaokha m'kamwa. Anathyoka fupa la paphewa, ndipo mano awiri akutsogolo anatsala m'munda mwa eni. Mayi uja ndi mwana wake sanavulale, koma mpaka lero ndikakumana naye ndimasowa poyang'ana.

Ndikumusambitsa mabala m'pamene anandiululira. Akuti maulendo awiri aja ndi mzungu, ponyamuka ankayang'anitsitsa chilichonse chimene mwini wake ankachita, koma kandege kakayamba kutsika ankachita mantha, n'kutsinzina, n'kumapemphera mpaka mawilo atagunda pansi. Kutera sanakuonepo n'kamodzi komwe. Ndinafuna kumumenya ndi chinsanza chonyowacho, koma ndinapezeka ndikuseka misozi ili mbwembwembwe.

Mkulu wa asilikali anamuitanitsa. Atamufunsa chilolezo choulukira, mwana wanu anatulutsanso karta ya thirakitala ija. Akuti mkuluyo anaseka mpaka kutsamwa, kenaka anamuuza mosaseka kuti anthu amaphunzira miyezi ndi mphunzitsi pambali asanaloledwe kuuluka okha, ndipo akadzayesanso, zipolopolo sizidzamuphonya. Anamumasula chifukwa ndi iye amene amawakonzera lole yawo ikafa. Tomasi anavomera zonse, koma ndi pakamwa pokha.

Phewa litangolumikizika anayamba kukonza. Mapaipi opindika anawawongola pamoto, ena analowetsa a mthirira. Phiko long'ambika analisoka ndi chidutswa cha tenti, pamwamba pa nsalu yakale imene dzuwa linaidya kale moti chala chimaboola. Ndinamukalipira, sanamve. Ndinalira, anandipukuta misozi n'kubwerera kushedi. Akatekisita anayesa kumulangiza, iye n'kuwayankha kuti, "Tsopano kutera ndakuona, ndinali maso ulendo uno." Kwa ine ananena mawu amene anandilasa. Anati, "Achemwali, inu Lusiya mumamuona tsiku lililonse. Wanga ayamba kukwawa asanandidziwe." Sankanama. Koma ndinkadziwanso kuti akakweranso, mwanayo sadzamudziwa mpaka kalekale.

Ndiye ndinaba, amayi. Mu injini muja muli tizitsulo tiwiri tamitu yoyera timene timayatsa moto. Amakaniko amatitcha mavela, dzina limodzimodzi ndi mavela, makandulo aja amene timayatsa kutchalitchi. Ndinkamuona Tomasi akutimasula ndi kutipukuta tsiku ndi tsiku ngati mazira, ndipo anandiuza yekha kuti popanda timeneti injini siingalire. Masana ena atapita kukasamba kumtsinje ndinalowa m'shedi, ndinatenga chitsulo chake chomasulira, n'kupotokola monga ndinkamuonera. Ndinadzisupula chala, koma tinatuluka tonse tiwiri. Ndinatikulunga m'mpango wanu wobiriwira uja n'kutiika m'kachitini.

Pobisa panandisowa. M'nyumba akanapeza, m'nkhokwe akanapeza. Mwamwayi inali sabata yolambula kumanda, kukonzekera tsiku lokumbukira akufa. Anzanga ali kalikiliki ndi makasu, ine ndinagwada kumutu kwanu, ndinafukula pansi pa mtanda, n'kukwirira kachitini kaja. Ndinakunong'onezani kuti, sungani, mwana wanu asafe. Kaya munandimva.

Madzulo ake kunali chipwirikiti. Anagudubuza chilichonse m'shedi, anasesa pansi ndi manja. Kenaka anabwera kukhitchini thukuta lili kamukamu. "Achemwali, simunaoneko mavela?" Ine maso ali pa nyemba zimene ndinkasankha ndinati, "Mavela ndakasiya kwa amayi kumanda." Iye anakwiya. "Sindikunena amenewo ine! Inu nkhani ndi zakutchalitchi basi!" N'kutuluka. Mwaona, amayi, sindinaname. Munkati pakamwa panga pasamatuluke bodza ngakhale lanthabwala, ndipo silinatuluke. Anakabwereka vela ya njinga yamoto ya akatekisita, koma mazinga ake sanagwirizane. Masiku anayi sanadye bwino, ndipo ine ndinkamupakulira ndikudzimva ngati mfiti.

Tsiku la akufa tinabwera tonse kudzakuonani, ndi kavela kamodzi koyatsa kamene ndinasunga chaka chonse. Cholakwa changa chinali chakuti pofukula paja mtanda wanu unapendekeka, ndipo mwana wanu sangaone chinthu chopendekeka osachiwongola. Anagwada, anayamba kukumba ndi manja kuti auzike bwino, zala n'kugunda chitini. Anatsegula. Mpango anauzindikira asanaumasule.

Ndinadikira kuti andilalatire pamaso pa anthu onse. Sanatero. Anakhala pansi pa dothi, mavela ali m'manja, nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye kuti munandiuza zoona." Anayamba kuseka, ndi mpata wa mano uja, koma kusekako kunathera m'misozi. Anatembenukira kwa inu, ndipo ndinamumva ndi makutu angawa akuti, "Amayi, potsikira sindikupadziwa." Anakulunganso mavela mumpango, anatseka chitini, n'kuchikwirira yekha. Mtanda anauimika mowongoka bwino. Kenaka tinayatsa kavela kathu, mphepo n'kukazimitsa kawiri.

Patapita masiku awiri ananyamuka wapansi, pamodzi ndi amuna amene amasenza mbatata kukasinthitsa ndi mchere kumalire. Anati adzera njira zakumapiri, kulambalala msewu, ngakhale zitenge sabata. Ndinamukazingira chimanga, ndinamuperekeza mpaka pamtsinje. Ndinabwerera ndekha kunyumba. Ndinadzifunsa kuti, kodi ndachita chiyani? Ndamuchotsa kumwamba kumene kulibe mabomba, n'kumuika pansi pamene adzadza. Akaponda poipa, ndidzati wamupha ndani? Masabata atatu ndakhala ndi funso limenelo, ndipo sindinathe kukulemberani chifukwa ndinkachita manyazi.

Dzulo masana kunabwera mayi wina wogulitsa mchere, wochokera cha ku Domwe, akufunsa nyumba ya a Rozariya. Ndinatuluka kukamulonjera. Ndinamuyalira mphasa koma ine ndinakanika kukhala. Iye anamwa kaye madzi, osafulumira, kenaka anati, "Kuli bambo wina wopanda mano akutsogolo ku Lifidzi. Akuti ndikuuzeni kuti atera bwino, ndi mapazi onse awiri." Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kulira mpaka mlendoyo anachita mantha. Anawonjeza kuti mwanayo ndi wonenepa, anayamba walira atawaona bambo ake, koma tsopano sakufuna kutsika m'manja mwawo. Dzina anali asanamupatse lachikhristu, ankadikira bambo ake. Amutcha Marita. Dzina lanu labwerera pakhomo, amayi.

Kandege kali m'shedi momwemo. Nkhuku yathu yaikira mazira pa kampando kakumbuyo, ndipo sindinaiingitse. Mavela aja musawapereke. Nkhondo ikadzatha, akadzapeza womuphunzitsa amene adzakhale naye pambali mpaka adziwe kutera ali maso, n'kubwera ndi karta yeniyeni, ndidzabwera naye kuti adzakupempheni yekha. Zikadzalephereka, akhale anu mpaka kalekale.

Koma pali chimodzi chimene ndikukupemphani. Akuti mvula ikadzatha Tomasi akufuna kubwera nawo kuno Filomena ndi mwana, njira yomweyo yakumapiri. Ine kuno sindingaone pamene pakwiriridwa zoipa. Inu muli pamwamba, mukuona. Mukadzawaona anyamuka, mudzaime patsinde monga munachitira pa mpichesi uno, muzidzamuuza poponda, phazi ili apa, linalo apo, mpaka adzafike. Khofi ndidzamupatsa ine akadzalowa pakhomo.

Akadzafika, ndikulonjeza kuti tisanapite kwina kulikonse ndidzabwera naye Marita wamng'onoyo kuti mudzamuone, ndipo ndidzabweretsa vela yoyatsa yaitali, yosazima ndi mphepo.

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ine mwana wanu,
Rozariya