Dimba Mumupatse Yotamu

Kunyanja ya Chiuta,
Machinga.
14 Okutobala

Okondedwa achemwali a Elsie,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Rivirivi, inu ndi alamu ndi ana? Mwendo unkatupa uja unaphwa? Ngati sunaphwe chonde pitani nawo kuchipatala, musadikire. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima sukukhazikika.

Uthenga wanu unandipeza. Ndamva kuti amalume a Lyford anena kuti ndikapanda kufika mvula yoyamba isanagwe, dimba munandisungira m'mbali mwa mtsinje lija alipereka kwa Yotamu, mwana wa amayi aang'ono. Amalume sakulakwa, dimba silingagone anthu ali ndi njala. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndikamva mawu anu ndilephera kunena zimene ndikufuna kunenazi.

Monga mukudziwa, anandisudzula mu Ogasiti, chitakwana chaka chimwalirireni mkazi wanga Lena. Akuchikazi ananena poyera kuti poti mwana palibe, palibenso chondimanga pamudzi pano. Ndinalongedza chikwama. Wakabaza wokanditula ku Nselema ndinali nditapangana naye kale. Kutatsala masiku atatu, apongozi anga, mayi ake a Lena, anagwa akusinja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, koma kulankhula amalankhula pang'onopang'ono.

Mwana wawo wotsala ndi alamu a Jasten okha, ali ku Joni ndipo foni yawo inasiya kupezeka. Achibale ena amabwera Lamulungu kudzazonda n'kubwerera. Amene amathandiza tsiku ndi tsiku ndi a Mwanahawa, mayi wachisilamu wa nyumba yoyandikana nafe. Amawasambitsa ndi kuwasintha zovala, koma nawonso ndi achikulire, msana unatha. Kunyamula munthu sangathe.

Achemwali, mwambo mukuudziwa. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala pachikamwini pano, ndikaona apongozi panjira ndinkapatukira patchire. Tinkalankhulana wina atayang'ana uku, wina uko. Ndiye tsiku lina a Mwanahawa anandiitana kuti ndidzawanyamule, mphasa yanyowa. Ine ndinangoima pakhomo osalowa. Anandikalipira kuti kodi ulemu wangawo ndi umene uumitse mphasa, anati ngati ndikuopa nditsinzine koma manja agwire ntchito. Ndinalowa. Apongozi anadziphimba kumaso ndi chitenje, ndi dzanja lamoyolo. Kuyambira tsiku limenelo ndimawanyamula kanayi pa tsiku, kupita nawo padzuwa, kuchimbudzi, ndi kuwatembenuza kuopa zilonda.

Kunyanja ndimangopita kufupi, kukaonjola nsomba muukonde n'kuthamangira kunyumba. Anzanga padoko anandipatsa dzina loti anamwino. A Hassan, eni bwato, sapita tsiku osandifunsa ngati yunifolomu yanga yoyera yafika. Amenewo ndimaseka nawo. Koma alipo ena akuti ndikukakamira pano chifukwa ndikufuna nyumba ya malemu. Ena akuti mkamwini wogwira apongozi ake amatupa thupi. Ndimadziuza kuti ndine Mkhristu, zimenezo sizingandigwire, komabe pakangoyabwa penapake ndimayamba kudziyang'ana.

Lamulungu lapitali mkulu wa mpingo ananditchula pagulu kuti ndine chitsanzo cha munthu wolimba mtima, wamphamvu ndi wachikondi. Ndinasowa pobisala. Iwo sadziwa kuti tsiku lina, apongozi ali m'manja mwangamu, ndinaganiza kuti akanangotsogola ine ndikanapuma. Ndinapempha Mulungu kuti andikhululukire, mpaka lero ndikupemphabe. Ine ndimaopa m'mawa uliwonse, kenako ndimawerama n'kunyamula. Kaya kumeneko ndiye kulimba mtima, kaya ndi kusowa kothawira, ine sindidziwa. Ambuye amene ananyamula mtanda ndi amene adziwa.

Tsopano imvani chimene chandilembetsa. Nkhani ya dimba inawafika apongozi, kaya anawauza ndani. Lachiwiri anakana phala. Lachitatu anakana ndi tiyi yemwe. A Mwanahawa atawapanikiza ndi mafunso, anayankha kuti sangamange mwana wa eni ake amene anasudzulidwa kale, ndipo iwo akachoka ine ndikafika kwathu mvula isanagwe. Achemwali, mayi ameneyu amafuna kufa ndi njala kuti ine ndisaluze dimba.

Ndinatenga mbale ya phala, ndinakhala pansi patsogolo pawo, ndinawapempha kuti achotse chitenje. Kanali koyamba kuwaona bwinobwino kumaso. Ndinawauza kuti akudzivutitsa pachabe, ndinalemba kale kalata kwathu kuti dimba apatse Yotamu. Linali bodza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anadya masupuni asanu. Atatha anati akhulupirira akamva yankho lanu likuwerengedwa. Panopa akudya pang'onopang'ono, akudikira.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amalume mukawauze kuti sindibwera, dimba apatse Yotamu, kuti zimene ndinanenazo zikhale zoona. Mukatero mundiyankhe papepala. Mayi Eliza ogula matemba, amene akupatseni kalatayi pamsika wa Balaka, abwereranso kuno Lachisanu. Mulembe momveka kuti dimba lapita. Chonde musalembe zoti mundisungirako kachigawo, musalembe zoti mwandisowa ndibwere. Owerenga adzakhala a Mwanahawa, mokweza, ndipo iwo sadumpha mawu. Komanso ine ndimadzidziwa. Mukandisiyira kampata ndiyambanso kuwerenga masiku, apongozi adzaona pankhope panga, ndipo adzakananso kudya.

Kuti ndikhala pano mpaka liti, kapena ndidzalima pati ndikadzabwera, sindikudziwa. Ndikayamba kuziganiza mutu umapweteka. Muzindipempherera kuti msana wanga usathe msanga, chifukwa ine ndikagona palibenso wina.

Mupereke moni kwa amalume ndi azakhali, muwauze kuti sindinawanyoze. Moni kwa alamu, kwa ana nonse, ndi kwa amayi aang'ono. A Mwanahawa akuti moni ngakhale simudziwana. Yotamu mumuuze kuti ngodya yakumunsi ija madzi amadzaza mu Januwale, asadzalepo chimanga, adzale mpunga.

Mulungu akusungeni.

Ndine mchimwene wanu,
Wyson