Chitsime Chimene Anyamata Anafukula

Okondedwa achimwene anga a Warfa,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu kumeneko ku Mombasa. Kodi muli bwanji, inu ndi alamu anga a Ebla? Nanga kamwana kaja chifuwa chinakasiya? Ife kuno tilipo, koma chilala chatipana. Ngamila zaonda mpaka malinunda kugwa, mkaka wake sukukwana ngakhale wothira mu tiyi.

Ndikulemba chifukwa cha Bambo. Muwerenge muli nokha.

Zitsime zathu zitaphwa, Guhad, msuweni wathu uja, anatenga anyamata kukafukula chitsime chakale cha kuseri kwa mitengo yaminga, kumene malemu Amayi ankatiletsa kudyetsako mbuzi. Anachotsamo miyala yochuluka. Pansi anapeza makwerero osema m'thanthwe ndi ndowa zachikopa zosanjidwa bwinobwino, ngati eni ake angochokapo kukadya. Madzi anatuluka ambiri, ozizira. Poti ndiwo mkulu, Bambo ndiwo anayamba kumwa.

M'mawa mwake ife akazi tinapeza matope a pachitsimepo atapondedwapondedwa ndi ng'ombe, ndowe zikadali zofunda. Mukudziwa, achimwene, kuti fuko lathu la Chisomali siliweta ng'ombe. Guhad anati ndi Aborana, anansi athu oweta ng'ombe aja, akudzaba madzi, nanyamula mfuti kulondola mapaziwo. Anabwerako chimanjamanja. Mkazi wake ndiye anandinong'oneza kuti mapaziwo sachokera kulikonse. Amayambira pachitsime, n'kuthera pomwepo.

Kenaka Bambo anasintha. Kuswali akuswali, kudya akudya, koma dzuwa likafika pamutu amakaima pakamwa pa chitsimecho n'kumaimba m'Chiborana. Munthu woti Chiborana chake chonse chinali mawu awiri otukwanira pamsika. Amaitana mayina, uku dzanja likusisita m'malere ngati pali msana wa nyama. Shehe anabwera kudzawawerengera Korani. Bambo anamvetsera mwaulemu, kumuthokoza, nthawi itakwana n'kutenga ndodo yawo.

Mukuwakumbukira a Halake, Mborana wogulitsa fodya uja, mnzawo wa Bambo wonyogodolana naye? Atamva anabwera kudzawazonda. Akulowa pakhomo anali akuseka kale. "Iwe mlendo wosatsanzika, ati wapenga? Ndinakuuza kuti mkaka wa ngamila umaumitsa mutu."

Bambo anawayankha m'Chiborana, mawu aatali, osapunthwa. Kuseka kunathera pomwepo. A Halake anakhala pansi pa dothi, mphasa ili pambali pawo.

Popita ndinawaperekeza, ndipo anandiuza ndi Chisomali chawo chothyokathyoka kuti mayina akuitanidwawo ndi a ng'ombe za agogo a agogo awo. Nyimboyo ati ndi ya banja lawo lokha, ndipo iwo eni ake amangoidziwa theka.

Ife tinakula tikumva kuti makolo athu, pothawa chilala kumpoto, anapeza dziko lino lopanda munthu. A Halake akuti kwawo imakambidwa mwina. Akuti tinafika ndi ngamila zoonda, iwo natilandira, natipatsa tsiku lathu lomwetsera ziweto, mpaka kukwatirana. Titachuluka tinalanda chitsime. Eni ake anathawa, koma amuna amene anali pa makwerero kupatsirana ndowa anakana kutuluka ng'ombe zawo zisanamwe.

Ndinafunsa amene anaponyamo miyala. Anati ena amati ndi athu, ena amati ndi awo omwe, pofuna kuti mdani asamwe. Iwo sakudziwa.

Ndinawapempha kuti tibwerere akawafunse Bambo chimene akufuna. Bambo anayankha akuyang'ana kuchitsime, a Halake n'kumanditanthauzira: "Ng'ombe zaima pamzere. Tsiku lazo linakwana kalekale, ndipo palibe wazimwetsa."

Tsopano ng'ombe za anthu a Halake zikufa tsiku ndi tsiku. Akulu awo atuma mthenga kupempha tsiku limodzi lomwetsera, monga kale. Guhad wakana. Akuti nkhalamba ija, a Halake, inawadyetsa Bambo mankhwala mu fodya kuti itilande madzi, ndipo waika anyamata a mfuti pachitsime. Koma dzuwa likafika pamutu anyamatawo amasuntha okha, kukaima patali. Mmodzi anati china chake chinamupumira m'khosi.

Amuna akumana pansi pa mtengo Lachisanu likudzali, akatuluka mumzikiti. Ine mkazi sindingayankhuleko, ndipo mawu a Bambo palibe akuwawerengeranso. Mwana wamkulu ndinu. Guhad amakuopani chiyambire muli ana. Bwerani mudzanene kuti Aborana amwetse, ndipo ayambe ndiwo. Mukachedwa, pachitsime paja pagwa munthu, ndipo sizithera pa mmodzi.

Pali chinanso, chimene sindinauze aliyense mwa amuna.

Lero m'mawa ndikukama, Bambo anandiitana kundifunsa ngati mwana wa ng'ombe yofiira wapezeka. Ndinawayankha kuti ayi, akadali kuthengo, mayi wake akulira. Ndinapitiriza kukama osaganizapo kanthu, mpaka ndinaona mkazi wa Guhad akundiyang'ana, dzanja lili pakamwa. Anati tonse awiri timayankhula Chiborana.

Achimwene, ine chiyankhulo chimenecho sindinachiphunzirepo, ndipo ng'ombe yofiirayo ndikuidziwa, ili ndi nyanga imodzi yopindikira pansi. Madzi amenewa tikumwa mudzi wonse, ndi ana omwe. Ena oti tingamwe kulibe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndi kwa azakhali a Barni ngati mumaonana nawo, koma izi musawauze. Mulungu akusungeni panjira. Pobwera mutenge madzi anuanu.

Ndine mlongo wanu,
Timiro