Mabuleki a Mlamu Wanga Anatigwetsera M'ngalande

Aphungu,

Ndimanyamula nsomba kuchokera ku Chanyanya kupita nazo ku Kafue Estates pa ngolo imene ndimakoka ndi motoka wanga. Ngoloyi inalibe mabuleki, moti katundu akachuluka inkakankha motoka. Mlamu wanga Boyd, mlongo wa mkazi wanga, amawotcherera mageti ndi mawindo. Atamva, anati, "Ba mulamu, mabuleki ni chitsulo chabe, nizaika." Ndinavomera, iye n'kuwaika, mpaka kutchalitchi ndinamutama pamaso pa anthu.

Sabata yatha masana, mayi wina wa panjinga anadutsa kutsogolo kwanga. Ndinaponda mabuleki, koma ngolo sinamve. Inatikankha mpaka tonse m'ngalande. Wa panjinga anapulumuka, koma amayi Felistus, ogulitsa nsomba amene ndinawanyamula, anamenyetsa nkhope pagalasi, dzino n'kuthyoka. Akutola nsomba zawo m'fumbi, magazi ali kukamwa, anangondifunsa kuti, "Si ndimwe munati mabuleki ni anyowani, mwangoika kumene?" Ine ndinanamizira mchenga wa pamsewu.

Chichokereni tsikulo ndimadzera njira ina kuti ndisakumane nawo. Boyd akuti ndibweretse ngoloyo akonzenso. Mkazi wanga akuti ndikapita nayo kwina, ndiye kuti ndamuvula mlongo wake pagulu. Galaji yodalirika sindikuidziwa, ndipo pakamwa pakulemera kufunsa, poti wodzitama uja ndinali ine. Nditani?

G. M., Kafue

A G. M.,

Manyazi anuwo ndi abwino, koma mwawalozetsa kolakwika. Mukuopa maso a anthu pamene munthu wataya dzino.

Yambani ndi amayi Felistus. Pitani kwawo, muwauze kuti sunali mchenga, mupepese, kenako muwaperekeze kwa dokotala wa mano. Mwina adzakukalipirani. Imani pomwepo mumve.

Ngoloyo ikhale pabwalo kufikira itakonzedwa. Pitani kwa madalaivala a malole kumafakitale, muwafunse amene amawakonzera ngolo zawo. Iwo sadzakusekani, ambiri ngalande anailawapo. Dzina limodzi likatuluka pakamwa pa anthu angapo osadziwana, pitani kumeneko. Makanika weniweni amayamba wagwada n'kuyang'ana pansi pa ngolo, n'kukufunsani kulemera kwa katundu wanu. Wongoti "siyani, mubwere madzulo" asanaione n'komwe, mthaweni. Akusonyezeni ngolo ina imene anaikapo mabuleki, ndipo mulankhule ndi mwini wake. Ntchito ikatha, mukaiyese limodzi pamalo opanda anthu, poyamba ilibe kanthu, kenako itasenza.

Boyd mumuuze nokha, muli awiriwiri, osati kudzera mwa mlongo wake. Sanakupusitseni dala. Nonse munaganiza kuti wodziwa chitsulo amadziwanso mabuleki. Zitsulo zimene zinapindika pa ngoziyo mupatseni awongole, poti luso lake ndi limenelo.

Koma chenjerani, musabwezere ngoloyo kwa iye pofuna mtendere wa m'nyumba. Mlamu wokwiya mudzasekanso naye chaka chisanathe. Munthu amene ngolo yamupsinja, palibe galaji yomukonza.

Aphungu