Nkhata yanu ili m'ndowa

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Thokoza, ku Joni, tilipo, chisanu chatha tsopano. Mdzukulu wanu uja munamusiya ali m'mimba wayamba kukwawa. Tinamupatsa dzina lanu, Elube, ndipo watengera ndi liuma lanu lomwe, akakana phala wakana basi. Kumudzi achimwene a Limbani akuti chimanga chinachitako bwino, kungoti mbuzi yanu yoyera ija inadya nyemba za eni ake, anachita kukapepesa. Dimba lanu akuthirira ndi alamu.

Ntchito ndikadali komwe kuja ku Wadeville, m'nyumba yozizira yosungiramo maluwa. Paja munkandiseka: "Ulendo wonsewo kukalera maluwa? Duwa lanzeru ndi chiluwe, limathera mumphika." Ndikawaleretsabe, Amayi. Timadula phesi mopendeketsa, kusadzula masamba a m'munsi, n'kuliviika m'madzi a shuga, mandimu ndi timadontho ta jiki. Shuga ndiye chakudya chake, mandimu amathandiza kuti limwe, jiki amaletsa madziwo kuwola. Likatero duwa lodulidwa limatha milungu iwiri lili tsaa.

Pali nkhani imene sindinakuuzeni. Maliro anu ndinawaonera pa foni. Ndinali m'mwezi wanga wotsiriza wa pakati, anamwino anandiletsa kukwera basi. Itafika nthawi yoika nkhata, woyendetsa mwambo anayamba kuitana ana anu mmodzimmodzi. Achimwene anaika, Agnesi anaika. Kenaka ndinamva dzina langa, Esinati wa ku Joni. Analiitana kawiri. Azakhali ndiwo anadzuka n'kukaika ya pulasitiki yogula pa tauni. Ine amene ndimagwira maluwa tsiku lonse, mayi anga ndinawafunditsa pulasitiki. Zimandiwawa mpaka lero.

Mwezi wamawa tikumanga manda anu, ndipo nkhata ndikufuna ichokere m'manja mwangamu. Vuto ndi njira. Basi imayenda masiku atatu, ndipo dzuwa la ku Tete mukulidziwa.

Ndinayamba n'kuyesera kunyumba kuno ndi maluwa otsala kuntchito. Kuntchito mankhwala amabwera oyezayeza, koma apa ndinasakaniza ndekha, ndipo dzanja lanu linandilowa. Paja inu tiyi wa alendo simunkathira ndi supuni, munkangopendeketsa mbale ya shuga n'kumati, "Wako samuyezera." Ndiye ndinati awa ndi a Amayi, ndiwayezere bwanji? Ndinakhuthula. Tsiku lachitatu madzi anali atachita thovu, mapesi aterereka ngati therere, fungo lake mpaka eni nyumba anabwera kudzafunsa ngati mwafera khoswe. Ndinaseka, kenaka ndinakhala pa ndowa yotembenuza n'kulira.

Anandithandiza ndi Mayi Tembo a ku Chipata, amene timagwira limodzi. Anandiuza kuti za shugazo n'zosungira duwa la patebulo, la paulendo limafuna gilisalini. Inde, yemwe uja munkatipaka m'mapazi nthawi yachisanu kuti tisang'ambike. Kapu imodzi ya gilisalini, makapu awiri a madzi ofunda. Phesi ulitswanye pang'ono kunsonga, uliimike m'menemo, uliiwale pamthunzi milungu itatu. Limamwa pang'onopang'ono, madzi ake amachoka, mafutawo n'kukhala m'malo mwake. Silifotanso, ndipo siliphwanyika.

Ulendo uno ndinayeza, Amayi, mundikhululukire. Ndowa ili kuseri kwa chitseko, kumene Elube sangafike. Muli masamba a bulugama, onga a mtengo uja wa kuseri kwa bafa, ndi timaluwa toyera ting'onoting'ono ndi tina tofiirira. Ma rozi anakana, anagwetsa mitu, ndinawachotsa. Bulugama wada pang'ono koma wafewa ngati chikopa. M'mawa uliwonse ndisanathamangire takisi ndimamugwira kuti ndimve.

Ndinayesanso duwa lanu. Nthanga zija munandimangira m'kansalu ndinazibzala m'mbali mwa mpanda, zinayanga mpaka padenga la chimbudzi. Chiluwe ndinachiika m'shuga, chinafota. M'gilisalini, chinangoti lobodo pofika masana. Sichimva mankhwala ayi, ngati mwini wake amene mapiritsi a kuchipatala tinkawapeza pansi pa mphasa.

Ndiye tagwirizana ndi alamu kuti maungu a kudimba asawathyole maluwa sabata imeneyo. Nkhata ndidzailukira kuno, idzayenda pamiyendo panga, m'katundu wa pansi pa basi siilowa. Tsikulo m'mamawa ndidzatsikira kudimba kwanu, ndithyole chiluwe chikadali ndi mame, ndichisomeke pakati penipeni. Chikafota masana chifote, mudzakhala mutachiona.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikubwera ndi Elube kumsana, ndipo dzina langa sadzaliitana kawiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati